Ndani Anajambula Chombocho? Kumvetsa Makanema a pa TV Onena za Maulendo a ku Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune

Pali funso limene limabuka anthu akamaonera pulogalamu ya za mumlengalenga, kaya ndi mometera pa Kasungu boma kaya ndi pa foni ya mnzawo ku Chinkhoma: "Akuti m'chombomo mulibe munthu. Nanga amene akuchijambula chikudutsa pafupi ndi Saturn ndani?" Funsoli si lachibwana. Pa TV chombo chimaoneka chathunthu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chikung'anima, kwinaku chikulira ngati ndege. Wina akaona zimenezi amati zonse n'zopeka. Mnzake amati zonse n'zoona poti zaonetsedwa pa National Geographic kapena pa Discovery.

Pulogalamu yotere, imene pa Chingerezi amati documentary, kutanthauza kanema wofotokoza zimene zinachitikadi, imasakaniza zinthu zitatu osazilekanitsa bwinobwino. Muli zithunzi zenizeni zimene chombo chinatumiza, muli zithunzi zenizeni koma zokoleza mtundu, komanso muli zojambula za pa kompyuta. Kuti munthu athe kuzisiyanitsa, ayenera kudziwa kutalika kwa ulendowo, kayendedwe ka chombo, ndi njira imene chithunzi chimadzera kuti chifike kuno. Nkhanizi zizimvekabe zaka zikubwerazi, chifukwa zombo ziwiri zinanyamuka kale kulowera ku Jupiter: Juice cha bungwe la mayiko a ku Ulaya la ESA mu Epulo 2023, ndi Europa Clipper cha bungwe la ku America la NASA mu Okutobala 2024.

Kutali kwake n'kotani?

Mapulaneti ozungulira dzuwa alipo 8. Anayi oyandikira dzuwa ndi amiyala: Mercury, Venus amene ndi Nthanda ija ya mbandakucha, dziko lathu lino, ndi Mars. Anayi akutali ndi zimphona. M'mimba mwa Jupiter yekha mungalowe mayiko ngati lathuli oposa 1,300. Zimphonazi zilibe nthaka yoti chinthu n'kuterapo. Jupiter ndi Saturn kwakukulu ndi mpweya wa haidirojeni ndi heliyamu, umene umanka nukhuthala mukamalowa mkati mpaka kusanduka wamadzimadzi.

Jupiter ndi Saturn amaoneka ndi maso. Usiku wopanda mitambo ku Santhe kapena ku Chamama, kutali ndi magetsi a m'tauni, Jupiter amaoneka ngati nyenyezi yowala kwambiri imene sithwanimathwanima ngati zinzake. Uranus ndi Neptune anachita kupezeka ndi makina oonera kutali, woyambayo mu 1781, winayo mu 1846.

Manambala a mtunda wake ndi ovuta kuwaika m'mutu. Kuchoka padzuwa kufika padziko lathu ndi makilomita 150 miliyoni, kufika pa Jupiter 778 miliyoni, kufika pa Neptune mabiliyoni 4.5. Tiyeni tiwafupikitse pa msewu wa M1. Tiike dzuwa pa Kasungu boma, Neptune ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Dziko lathu lingakhale pa makilomita 4 okha, musanatuluke bwinobwino m'tauni. Mars angakhale pa makilomita osakwana 7. Jupiter mungamupeze pa makilomita 22, Saturn pa 41, ndipo Uranus mutadutsa kale Mponela. Chombo chimene chili kutali kuposa zonse, Voyager 1, chingakhale pa makilomita oposa 700, mutapyola Nsanje n'kulowa mu Mozambique. Mwezi, kumene ndi kutali kwambiri kumene munthu anapondako, ungakhale pa mamita 11 okha kuchoka padziko lathu.

Mtunda umenewu ndi umene umalamulira zina zonse. Uthenga wa wailesi umathamanga ngati kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi, komabe kuti ufike ku Jupiter umatenga mphindi 33 mpaka 53, malinga ndi pamene mapulaneti ali nthawi imeneyo. Ku Saturn umatenga nthawi yoposa ola limodzi, ku Neptune maola anayi. Choncho palibe munthu amene amakhala ndi chiwongolero n'kumayendetsa chombo akuonera pa sikirini. Malangizo amalembedwa pasadakhale n'kutumizidwa, ndipo chombo chimawatsata chokha nthawi yake ikakwana. Chikaona kuti china chake chavuta, chimazimitsa zosafunika, n'kuloza dishi yake kudziko, n'kudikira.

Ndiye chifukwa chake zombozi amazitcha maloboti, ngakhale zilibe manja kapena nkhope ngati maloboti a m'mafilimu. Munthu sangapite: ulendo ndi wa zaka zambiri, chakudya, madzi ndi mpweya sizingakwane, ndipo pafupi ndi Jupiter pali cheza choopsa chimene chimawononga ngakhale makina. Chombo cha Juno anachita kuchiikira zipangizo zake zofunika m'bokosi la chitsulo cholimba cha titanium.

Mmene chombo chimafikira kumeneko

Roketi imagwira ntchito mphindi zochepa zoyambirira. Ikatha kukankha chombo, imagwa kapena kutsala m'mbuyo, ndipo chombo chimapitirira chokha injini ili chete, poti mumlengalenga mulibe mpweya wochibweza liwiro. Malawi a moto amene nthawi zina amaoneka kumbuyo kwa chombo ulendo wonse ndi zokometsera chabe. Injini imayaka pokonza njira kapena pochepetsa liwiro kuti chombo chiyambe kuzungulira pulaneti.

Roketi payokha ilibe mphamvu zokwanira kufikitsa chombo cholemera ku Neptune m'nthawi yoyenera, ndiye akatswiri amabwereka liwiro kwa mapulaneti. Pulaneti lililonse limakoka chinthu chimene chaliyandikira, ndipo nalonso limakhala likuthamanga mozungulira dzuwa. Jupiter amathamanga makilomita 13 pa sekondi. Chombo chikamudzera chakumbuyo, amachikokera kumene akulowera, ndipo chimachoka ndi liwiro loposa limene chinabwera nalo, chitakhotanso njira. Jupiter amataya liwiro pang'ono zedi, losatheka n'kuliyeza komwe.

Mu 1965, Gary Flandro, amene ankagwira ntchito ku Jet Propulsion Laboratory, malo a NASA opangira ndi kulondolera zombo ku California, anawerengetsa kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 zimphona zinayi zija zidzakhala mbali imodzi ya dzuwa, moti chombo chimodzi chingadumphe kuchoka pa china kupita pa chinzake. Mwayi wotere umabwera kamodzi pa zaka pafupifupi 175. Voyager 2 chinanyamuka pa 20 Ogasiti 1977, Voyager 1 pa 5 Seputembala chaka chomwecho. Voyager 2 chinadutsa Jupiter mu 1979, Saturn mu 1981, Uranus mu 1986, ndi Neptune mu 1989. Ulendo umene ukanatenga zaka pafupifupi 30 unatenga 12.

Zombo ziwirizi zili ndi kanthu kena kotikhudza ife kuno. Chilichonse chinanyamula mbale ya nyimbo yokutidwa ndi golide, imene inakonzedwa ndi gulu lotsogozedwa ndi Carl Sagan, ndipo m'mbalemo muli moni wa m'zilankhulo 55. Chimodzi mwa zilankhulozo ndi Chinyanja, ndipo moniwo ukufunsa anthu a kumapulaneti ena kuti ali bwanji. Mapulogalamu ambiri amaitchula mbaleyi, koma mbali imeneyi kawirikawiri amaidumpha.

Si ulendo uliwonse umene umakhala wongodutsa. Pioneer 10, Pioneer 11, zombo za Voyager ndi New Horizons zinangodutsa n'kupitirira, moti ntchito yofunika kwambiri inkachitika m'masiku ochepa. Galileo chinazungulira Jupiter kuyambira 1995 mpaka 2003, Cassini chinazungulira Saturn kuyambira 2004 mpaka 2017, ndipo Juno chinafika ku Jupiter mu 2016. Kuzungulira n'kovuta chifukwa chombo chimafunika mafuta ambiri obwezera liwiro, koma kumapatsa mpata woona mmene zinthu zikusinthira pakapita nthawi.

Magetsi chimawatenga kuti?

Amene ali ndi sola pakhomo amadziwa kuti kukachita mitambo batire silidzaza. Ku Jupiter kuwala kwa dzuwa n'kofooka ka 25 poyerekeza ndi kuno, ku Saturn ka 90, ku Neptune ka 900. Juno chinayesa sola ndipo chinatheka, koma chinafunika mapanelo atatu, lililonse lotalika mamita pafupifupi 9. Kuno mapanelowo akanatulutsa mawati 14,000. Ku Jupiter amatulutsa pafupifupi 500.

Kupitirira Jupiter, zombo zonse zimene zapitako zagwiritsa ntchito plutonium-238, mtundu wa chitsulo cha nyukiliya chimene chimatentha chokha kwa zaka zambiri. Kutenthako amakusandutsa magetsi ndi kachipangizo kopanda mbali yozungulira kapena yoyenda, kotero sikatha msanga. Mphamvuyo imachepa pang'onopang'ono. Chombo chilichonse cha Voyager chinanyamuka ndi mawati pafupifupi 470, ndipo chimataya mawati 4 chaka chilichonse, n'chifukwa chake akatswiri akhala akuzimitsa zipangizo chimodzichimodzi. Makamera a Voyager 1 anazimitsidwa mu 1990, atangojambula chithunzi chotchuka cha pa 14 Febuluwale chimene chimaonetsa dziko lathu ngati kadontho, kuchokera pa makilomita mabiliyoni 6. Chithunzi chilichonse chimene wina angakutumizireni pa WhatsApp n'kumati Voyager yajambula posachedwa si chochokera ku chombocho.

Chithunzi chimafika bwanji kuno?

Chombo sichitumiza chithunzi ngati pepala. Kamera imagawa chimene yaona kukhala timadontho, ndipo kadontho kalikonse kamapatsidwa nambala yosonyeza kuwala kwake, kuyambira 0 pa chakuda bii mpaka 255 pa choyera mbee. Kamera ya Voyager inali ya timadontho 800 m'litali ndi 800 m'lifupi, zochepa kwambiri poyerekeza ndi kamera ya foni yotchipa ya lero. Manambalawo amatumizidwa pa wailesi, ndipo kompyuta ya kuno imawasonkhanitsa n'kupanganso chithunzi.

Wailesi ya Voyager ndi ya mawati pafupifupi 23 okha. Uthenga wake pofika kuno umakhala utafooka kwambiri, ndiye pamafunika madishi aakulu zedi. NASA ili ndi malo atatu olandirira: Goldstone ku California, pafupi ndi Madrid ku Spain, ndi pafupi ndi Canberra ku Australia. Malo alionse ali ndi dishi ya mamita 70 m'mimba mwake. Anawatalikitsa motero kuti dziko likamazungulira, malo amodzi akataya chombo ena azikhala atachiona kale. M'zaka za m'ma 1960 malo ena otere anali ku Hartebeesthoek ku South Africa.

Chombo chikamatalikira, uthenga umabwera mochedwerachedwera. Ali ku Jupiter, Voyager ankatha kutumiza chithunzi chimodzi m'masekondi 48. Lero Voyager 1 amatumiza pa liwiro la mabiti 160 pa sekondi, moti chithunzi cha 1 MB chingatenge maola pafupifupi 14. New Horizons chinadutsa Pluto, kapulaneti kakang'ono ka kuseri kwa Neptune, pa 14 Julayi 2015, koma zonse zimene chinasonkhanitsa zinamaliza kufika mu Okutobala 2016. Pa liwiro lotere palibe zoti n'kuonera zinthu nthawi yomwe zikuchitika, ngati mpira wa pa TV.

Zenizeni, zokoleza mtundu ndi zojambula

Tsopano tibwerere ku funso lija. Mukaona chombo chathunthu chikuuluka, Saturn ali kumbuyo kwake, palibe anachijambula. Ndi chojambula cha pa kompyuta. Kulibe chombo chachiwiri chonyamula kamera chimene chimatsatira pambuyo. Koma chojambulacho nthawi zambiri sichikhala chongopeka. Ochipanga amatenga mapulani enieni a chombo, malo enieni amene chinali pa ola limenelo, ndi zithunzi zenizeni za pulaneti n'kuzimata pa mpira wa m'kompyuta. Ndi chithunzithunzi cha zimene zinachitika, osati umboni wake. Umboni ndi manambala amene anafika pa dishi.

Chitsanzo chomveka ndi mathero a Cassini pa 15 Seputembala 2017. Mapulogalamu amaonetsa chombo chikulowa mumpweya wa Saturn, chikugwedezeka, chikuyaka n'kuphwasuka. Palibe diso kapena kamera imene inaona zimenezo. Zithunzi zomaliza Cassini chinajambula maola angapo m'mbuyo mwake. M'mphindi zomaliza chinkatumiza miyezo ya mpweya basi, mpaka dishi yake inalephera kulozanso kudziko. Anthu amene mumawaona akukumbatirana m'chipinda cholondolera chombo ku Pasadena, ku California, ndi enieni, ndipo misozi yawo ndi yeniyeni, koma pamene uthenga unaduka pa makompyuta awo chombo chinali chitapsa kale mphindi 83 zapitazo.

Phokoso nalo n'lowonjezera. Mumlengalenga mulibe mpweya wonyamula mawu, kotero chombo sichilira chikamadutsa. Pali mawu ena amene amatchedwa kulira kwa Jupiter kapena kwa Saturn. Amenewo ndi mafunde a wailesi ndi a magetsi amene zipangizo zinayeza, akatswiri n'kuwasandutsa mawu oti khutu limve. Miyezoyo ndi yoona, koma munthu atakhala kumeneko sangamve kalikonse. Chosiyana ndi Huygens, kachombo ka ESA kamene Cassini chinanyamula. Iko kanali ndi maikolofoni, ndipo kanamvadi mkokomo wa mphepo potsika pa Titan, mwezi wa Saturn umene uli ndi mpweya wokhuthala.

Chinanso chimene amakokomeza ndi miyala ya pakati pa Mars ndi Jupiter. Pa TV chombo chimazemba miyala yothithikana. Kunena zoona miyalayo ndi yotalikirana makilomita masauzande mazanamazana, ndipo kuyambira Pioneer 10 mu 1972 zombo zakhala zikudutsamo osagunda kanthu.

Nkhani ya mtundu ndi imene imasokoneza kwambiri, chifukwa pano chithunzi chimakhala chenicheni ndithu. Makamera ambiri a zombozi amaona chakuda ndi choyera basi. Kuti apeze mtundu amajambula malo amodzi katatu kapena kuposa, ulendo uliwonse kudzera m'galasi la mtundu wina, kenako n'kuphatikiza. Pophatikizapo pamakhala kusankha. Akhoza kuyesetsa kuti chifanane ndi zimene diso la munthu lingaone. Akhozanso kukoleza mitundu dala kuti mitambo ndi mikuntho zioneke bwino. Kapena akhoza kutenga kuwala kumene diso silitha kuona n'komwe n'kukupatsa mtundu wofiira kapena wobiriwira. Zonsezi ndi njira zovomerezeka pa kafukufuku, bola zinenedwe.

Vuto limabwera mawu ofotokozera akatayika m'njira. Kwa zaka zoposa 30 mabuku a sukulu ndi mapulogalamu a pa TV akhala akuonetsa Neptune wabuluu wakuda, wosiyana kwambiri ndi Uranus wotuwa. Mu 2024 gulu lotsogozedwa ndi Patrick Irwin wa ku yunivesite ya Oxford linaonetsa kuti awiriwa ndi ofanana kwambiri mtundu, onse abuluu wotuwa wopita kobiriwira, Neptune wokolera pang'ono chabe. Zithunzi za Voyager 2 za 1989 zinakolezedwa kuti mitambo ioneke, ndipo akatswiri a nthawiyo ananena zimenezo poyera, koma chithunzi chinafalikira n'kusiya mawu ake kumbuyo. Zithunzi za Juno zoonetsa mitambo ya Jupiter yopotanapotana ngati penti nazonso zambiri n'zokoleza, ndipo zochuluka zimakonzedwa ndi anthu wamba okonda ntchitoyi, popeza NASA imaika zithunzi zosakonza pa intaneti kuti aliyense atenge.

Nanga makanema oyenda? Alipo enieni, koma ndi zithunzi zolumikiza. Voyager 1 poyandikira Jupiter mu 1979 chinkajambula kamodzi pa maola 10 alionse, nthawi imene Jupiter amatenga kuti azungulire kamodzi. Zithunzizo zitalumikizidwa zinaonetsa mitambo ikuyenda ndiponso chimkuntho chofiira chija, chachikulu kuposa dziko lathu, chikuzungulira. Zimene mumaona m'masekondi ochepa zinatenga masabata. Kanema weniweni wotere amadziwika: amadumphadumpha, amakhala ndi timadontho ndi mizere, ndipo chombo sichioneka. Chosalala bwino, kamera ikuzungulira chombo momasuka, n'cha pa kompyuta.

Opanga mapulogalamu osamala amalemba timawu pakona ya sikirini. Animation, simulation ndi artist's concept amatanthauza chojambula. Enhanced color ndi false color amatanthauza chithunzi chenicheni chosinthidwa mtundu. Timawuti timakhala tating'ono ndipo sitikhalitsa, ndipo kanemayo akadulidwa kuti aikidwe pa Facebook kapena pa TikTok nthawi zambiri timadulidwira limodzi. Pamenepa ine ndimaona kuti opanga mapulogalamu akanamachita bwino kunena pakamwa, osangodalira timalemba timene woonera pa foni yaing'ono sangawerenge.

Wokayika angafunsebe kuti tingadziwe bwanji kuti manambalawo akuchokeradi kumeneko. Yankho limodzi n'lakuti uthenga wa chombo suli wa mwini wake yekha. Aliyense amene ali ndi dishi yaikulu mokwanira akhoza kuumva, n'kuona mbali ya thambo imene ukuchokera. Huygens atatsika pa Titan pa 14 Januwale 2005, dishi ya ku Green Bank ku America ndi ya ku Parkes ku Australia zinamva uthenga wake mwachindunji. Ndipo miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter, imene Galileo Galilei anaiona mu 1610, imaoneka ngati timadontho ngakhale ndi mabainokyula abwino atagwiridwa mosagwedeza.

Zimene zapezeka

Chodabwitsa chachikulu pa maulendowa sichinakhale mapulaneti eni ake ayi, koma miyezi yawo, kutanthauza zinthu zowazungulira monga mwezi wathu umazungulira dziko. Akatswiri ambiri ankayembekezera miyala yozizira yopanda chochitika. Mu Malichi 1979, Linda Morabito, amene ntchito yake inali yolondola njira ya Voyager 1, anaona chinthu chotukuka m'mphepete mwa chithunzi cha Io, mwezi wa Jupiter. Linali phiri likuphulika, loyamba kuonedwa likuphulika kunja kwa dziko lathu. Chimene chimatenthetsa Io ndi Jupiter: mphamvu yake yokoka imaufinya n'kuumasula mosalekeza, mkati mwake n'kumatentha.

Kufinya komweko n'kumene kumachititsa kuti Europa, mwezi wina wa Jupiter, ukhale ndi madzi osaundana pansi pa chikhungwa cha ayisi. Miyezo ya chombo cha Galileo inasonyeza kuti pansipo pali nyanja yamchere, imene akatswiri akuganiza kuti ili ndi madzi ochuluka kuposa nyanja zonse za padziko lathu. Mu 2005 Cassini chinaona Enceladus, kamwezi ka Saturn ka makilomita 500 okha m'mimba mwake, kakupopera madzi mumlengalenga kudzera m'ming'alu. Chombo chinadutsa m'mpoperomo n'kupezamo mchere ndi zinthu zina zimene zamoyo zimafuna. Pa Titan pamazizira mpaka madigiri 179 pansi pa ziro, ndipo pali mitsinje, mvula ndi nyanja, koma za methane, mpweya womwe uja umatuluka mu bayogasi, umene kumeneko ndi wamadzi chifukwa cha kuzizira.

Pano mpofunika kumvetsera bwino mawu a wofotokoza. Palibe chombo chimene chapeza chamoyo kulikonse. Chimene chapezeka ndi malo amene ali ndi madzi, kutentha ndi zinthu zimene tizilombo tosaoneka ndi maso tingakhalire moyo. Europa Clipper nachonso sichikupita kukafuna zamoyo mwachindunji, koma kukayeza ngati nyanja ija ili yoti chamoyo n'kukhalamo. Chifukwa cha nyanja zimenezi, Galileo ndi Cassini anachita kuzigwetsera dala m'mapulaneti mafuta atatsala pang'ono kutha, kuopa kuti zingadzagwere pa Europa kapena pa Enceladus n'kusiyapo tizilombo tochokera kuno.

Zovuta za m'njira

Mapulogalamu amakonda nkhani za ngozi zopulumuka, ndipo zambiri n'zoona. Dishi yaikulu ya Galileo, imene inapangidwa kuti itambasuke ngati ambulera, inakana kutseguka mu 1991. Akatswiri analembanso mapulogalamu a kompyuta ya chombo chili m'njira kuti chizipanikiza zithunzi n'kuzitumiza pa kadishi kakang'ono, ndipo ntchito yambiri inatheka. Mu Novembala 2023 Voyager 1 chinayamba kutumiza manambala opanda tanthauzo. Patatha miyezi anapeza kuti kachipangizo kamodzi kosungira zinthu m'kompyuta kafa. Anasamutsa malangizo amene anali mmenemo n'kuwagawa m'malo ena otsala, ndipo mu Epulo 2024 chombo chinayambanso kumveka. Funso lililonse linkatenga maola 22 ndi theka kupita, yankho maola 22 ndi theka kubwera, pa kompyuta ya m'ma 1970 imene ambiri mwa oipanga anapuma ntchito kapena anamwalira.

Ndalama zake

Cassini chinadya madola pafupifupi mabiliyoni 4 pa moyo wake wonse, ndipo Europa Clipper ndi cha madola pafupifupi mabiliyoni 5. Mlimi wa fodya kapena wa soya amene akuvutika kupeza thumba la feteleza akamva zimenezi ali ndi chifukwa chofunsira ngati n'koyenera, ndipo funso lomwelo limafunsidwanso ku America ndi ku Ulaya kumene misonkho yake imachokera. Otsutsa amati ndalamazo zikanathandiza pa njala, matenda ndi maphunziro. Enanso anadandaula ndi plutonium, ndipo mu 1997 kunali zionetsero zokana kunyamuka kwa Cassini poopa ngozi ya roketi.

Ochirikiza amayankha kuti ndalamazo zimamwazikana pa zaka 20 kapena kuposa, kuti zimalipira anthu ogwira ntchito pansi pano, ndiponso kuti bajeti yonse ya NASA sifika ngakhale theka la 1 peresenti ya ndalama zimene boma la America limagwiritsa ntchito. Amatchulanso luso limene limatsikira kwa anthu wamba. Kachipangizo kojambulira kamene kali m'makamera a mafoni ambiri kanachokera pa ntchito ya Eric Fossum ndi anzake ku Jet Propulsion Laboratory m'zaka za m'ma 1990, pamene ankafuna makamera ang'onoang'ono osadya magetsi oika m'zombo. Koma tisasakanize: masetilaiti amene amalosera mvula, kapena amene anatsata namondwe Freddy mu 2023, ndi ntchito ina yozungulira dziko lathu lomweli. Ulendo wa ku Saturn cholinga chake chachikulu ndi kudziwa, ndipo mtengo wa kudziwako aliyense amauyeza mwake.

Zimene zikubwera

Europa Clipper chikuyembekezeka kufika ku Jupiter mu 2030, Juice mu 2031. NASA ikukonzanso Dragonfly, chombo chouluka ndi mapiko ozungulira ngati droni, choti chidzanyamuke mu 2028 n'kukafika pa Titan mu 2034. Zaka za maulendo amene sananyamuke zimatha kusintha. Mpaka zombozi zitafika, chilichonse choonetsa Europa Clipper chikudutsa pamwamba pa ayisi wa Europa, kapena Dragonfly chikuuluka pa Titan, n'chojambula.

Ku Uranus ndi ku Neptune kunangopita Voyager 2 yekha, kamodzi kokha, modutsa. Mu 2022 akatswiri a ku America analangiza kuti ulendo waukulu wotsatira ukhale wa chombo chokazungulira Uranus, koma chombocho sichinamangidwe, ndipo chikadzanyamuka ulendo wake udzatenga zaka zoposa 10. Zithunzi zonse zapafupi za Uranus zimene pulogalamu iliyonse ingakuonetseni lero ndi za mu Januwale 1986, ndipo za Neptune ndi za mu Ogasiti 1989.